Thole Lathu ku Mozambiki

Fungo la ndowe zonyowa pamsika lero landibwezera kumapiri kwathu ku Ntcheu, m'mawa wina wachisanu, nkhungu itakuta khola lonse. Thole lathu linawoloka msewu waukulu, ine n'kulithamangira, zala zitauma gwa.

"Bwerera iwe!" anakuwa bambo anga. "Uko ndi ku Mozambiki, kuli nkhondo!"

Ndinaima pakati pa msewu. Kutsidyako thole linkadya msipu wonga wathu womwe, kuseri kwa nyumba ya azakhali anga, amene dzulo lake anatipatsa mbatata ya kachewere.

"Nanga azakhali, ababa?"

Bambo anangovula chipewa, n'kuyamba kuliitana tholelo chapansipansi, ngati akuopa kudzutsa munthu.