Lezala Limodzi Pamaliro a Mdzukulu Wanga

Ndinadzuka kusanache, nthiti zikuwawa ndi simenti. Azimayi a kwaya anali atagona mothithikana m'nyumba, amuna panja akuwotha chitsa. Kumsana ndinali ndi khanda la mdzukulu wanga, yemwe tinkakamuika tsikulo.

Mtsikanayo anapita ndi matenda a chiwindi, aja akuti hepataitisi B. Mimba itakula maso ake anasanduka achikasu. Akuchimuna anati n'zazing'ono, adye nzimbe zitha. Kuchipatala anapita naye mochedwa. Anabereka, sanadzukenso. Anamwino anabaya khandalo katemera woyamba tsiku lomwe linabadwa, n'kundiuza kuti matendawa amayenda m'magazi, bambo wake akayezetse. Bamboyo anakana, akuti munthu wonenepa ngati iye sadwala.

Dzuwa litakwera moto unayaka kuseri, kabichi akudulidwa m'mabafa. Anthu a m'makomboni a George ndi Matero anadzaza mpaka pampopi. Mphepo inali ya fumbi. Tinakwera malole kupita kumanda ku Chunga, utsi wa kudzala la zinyalala ukutilowa m'maso. Ndinaponya dothi osalira.

Titabwerako n'kusamba m'manja, akuchimuna anati timetane lero lomwe, poti ena mawa akwera basi ya kumudzi. Lezala linali limodzi. Anayamba kumeta wamasiyeyo, linamucheka kuseri kwa khutu, magazi chuu. Azakhali ake analipukuta pachitenje n'kutembenukira kwa ine.

"Bambuya, tsitsani mwana timuteme mphini, amake angabwere kudzamutenga."

"Ndi lezala ilo?"

"Ni mwambo, bambuya."

"Mwambo ndinaudziwa inu musanamere mano. Amake munawachedwetsa ndi nzimbe, uyu mufuna kumutsiriza ndi lezala?"

Wina anang'ung'udza kuti nkhalamba yatukwana maliro. Wamasiyeyo anangoyang'ana pansi, dzanja lili pakhutu. Ndinamanga chitenje kawiri, n'kudutsa pakati pawo. Palibe anandigwira.

Madzulo ndinali kwanga ku Kanyama, m'nyumba muli duu. Khanda linamwa mkaka wa m'chitini n'kugona, thupi lake lopanda bala. Mawa azinena kuti ndine mfiti. Anene. Amake akabweradi usiku uno apeza ine pakhomo, ndiwauza abwerere akagone, mwana ali bwino.