Machesi a Abambo Kachingwe

Ndikakumbukira Abambo Kachingwe, ndimamva fungo la udzu wauwisi ukufuka, utsi woyera umene unkadutsa mpanda wathu ku Area 25 n'kulowerera m'zovala zimene mayi ayanika, moti kutchalitchi tinkanunkha ngati mbewa zowamba. Anali mkulu wa ku Dedza, ankakhala yekha m'kanyumba kuseri kwathu, opanda mkazi, opanda mwana, ngakhale galu. Pabwalo pawo pankakhala mulu wa udzu ndi masamba a mango. Akangomva kandege kakang'ono kakulira kulowera ku Lumbadzi, ankasiya chilichonse, kuyatsa muluwo, n'kuima khosi lili m'mwamba mpaka phokoso litazilala.

"Ayambapo a Kachingwe!" mayi ankakuwa. "Anulani zovala, ana inu!"

Kwathu moto sitinkamanana. Mbaula ikazima, unkangotenga phale n'kukapala kwa aneba. Koma kwa a Kachingwe unkabwerako ndi phale lozizira. Machesi awo ankakhala m'kachitini m'thumba la malaya, ndipo sankapatsa munthu ngakhale kamtengo kamodzi. Anthu anatopa nawo, moni anasiya kuwapatsa.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndikugulitsa ndudu imodziimodzi pasiteji, ndipo wogula ndudu amafuna moto pomwepo. Ndinkadziona ngati katswiri wonenerera.

"Agogo, timitengo titatu tokha, ine ndikutungirani madzi sabata yonse."

"Iwe Yohane, pakamwa pakopo ukhoza kugulitsa fumbi mu Okutobala. Madzi tunga ngati ukufuna. Machesi ayi."

Tsiku lina, mu Okutobala momwemo, ali m'bafa malaya atawakoleka pampanda, ndinakhuthula machesi onse n'kubwezera kachitini. Ndinapita kusiteji ndikuimba likhweru.

Masana ndikubwerera, mphepo inali itavuta. Inkangoti phee, kenaka n'kuwomba mwadzidzidzi kuchokera m'mbali, malata n'kumalira, mapepala n'kumauluka. Ndiye kandege kanamveka. Ndinawaona a Kachingwe akutsegula kachitini, kukagwedeza, kupisa m'matumba onse. Mkulu amene sankapempha kanthu anathamanga khomo ndi khomo opanda nsapato.

"Moto! Ndigawireniko moto, amayi!"

"Lero mwaudziwa moto wa eni ake?" anatero mayi wina, anzake n'kuseka.

A Kachingwe anabwerera pamulu paja, nagwada, n'kuyamba kutapa dothi ndi manja awiri kumaliwaza m'mwamba, mphepo n'kumawabwezera kumaso. Kandege kanadutsa bwinobwino, kosadziwa n'komwe kuti pansi pali munthu. Ine ndinayandikira n'kuwatambasulira dzanja. Munali timitengo tiwiri totsala.

Ndinkayembekeza khofi. Iwo anangokhala pansi.

"Ndinkagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya," anatero. "Panali kabwalo ka ndege ka udzu. Nsalu yoonetsa mphepo inang'ambika kalekale, ndiye ntchito yanga inali yofukiza utsi ndege ikamabwera, kuti woyendetsa aone kumene mphepo ikulowera. Woyendetsayo anali mnyamata, Davide. Ankandiitana kuti malume, ankandibweretsera shuga. Tsiku lina mayi wina anabwereka machesi anga, akuti abweza pompano. Ndani amamana moto? Ndege inabwera asanabweze. Mphepo inali ngati ya leroyi."

Anapukuta dothi m'maso.

"Anatsika bwino. Tayala limodzi litangogunda pansi, mphepo inalowa kunsi kwa phiko n'kuinyamula ngati lichero. Phiko linalo linakumba pansi, ndege n'kugudubuka. Ndinali woyamba kufika. Anali akupumabe. Anandiyang'ana, sanandifunse kanthu."

"Koma agogo," ndinatero, poti pakamwa panga sipadziwa nthawi, "ndege izi zimatera kutali. Utsi wanu sauona."

"Ndikudziwa," anayankha. "Pita kwanu."

Sindinauze munthu kupatula mayi. Ine ndi a Kachingwe sitinakhale mabwenzi, bodza ayi. Ndinkangowatungira madzi, iwo n'kugwedeza mutu. Patatha zaka ziwiri miyendo inawakana. Masana ena kandege kanalira, ndipo ndinamva mawu ofooka kuseri kwa mpanda: "Yohane!" Ndinalowa. Anali pamphasa, dzanja atalitambasula kale, kachitini kali m'manja. Ndinayatsa mulu uja n'kuima khosi m'mwamba, monga ankachitira. Mayi anatuluka, naanula zovala okha.

Pamaliro awo tinalipo ochepa, bokosi linasowa onyamula osinthana nawo.

Lero ndimagulitsa kaunjika ku Mchesi, ndipo palibe chimene sindingatsitse mtengo munthu akalimbikira. Nsapato zimene ndavala ndinaziyikapo kale mtengo kawiri. Koma m'thumba la malaya muli kachitini kaja. Sindisuta. Wina akandipempha moto, ndimamulozera kwa wokazinga tchipisi, ndipo kandege kakalira m'mwamba, kasitomala amadikira.