Nkhungu ya pa Galasi

Anthu amawatcha a Sipanala. Galimoto yawo yamakedzana saiyendetsanso, amangoilera ngati mwana. "Chitsulo sichinama," amakonda kutero. Mvula ikamawaza amakhala m'katimo, maso patali, ngati ali pa ulendo.

Tsiku lina anadandaula kuti mawaipa sakupukuta galasi. Anamasula kamota kake, kupala dzimbiri, kupaka girizi, n'kukabwezera. Kenako anaitana mwana wawo wamkazi.

"Takhala apa uone. Akuvina bwinobwino, koma nkhungu sikuchoka."

Iye anayang'ana: galasi linali ngwee! Atatembenuka, anaona kamtambo koyera m'maso mwa bambo akewo.

"Ababa, mawa tipite kuchipatala akaone masowa."

A Sipanala anasisita chiwongolero. Kenako anamwetulira.

"Ndiye kuti motayo ndakonza," anatero. "Chitsulo sichinama."