Asanathe ndi akatha: mawu amene angagonthetse mdzukulu wanga

Iwe mnyamata wa pawindo la chipatala chathu chija, wa tayi yofiira ngati lilime la galu, khala pansi uwerenge. Ndine mkulu wa ku Kabudula uja umamutcha "madala".

Mdzukulu wanga Tadala anabadwa wochepa thupi, maso achikasu. Atatuluka m'chikuta, tsiku lachisanu ndi chinayi, ine ndi mayi ake, mwana wanga Esinati, tinapita naye kuchipatala. Adokotala anati pali kachilombo, dzina lake CMV, kamene mwana amatha kutenga ali m'mimba, ndipo kamatseka makutu mwakachetechete. Analemba kalata m'Chingerezi, nati tikaipereke pawindo kuti atiuze tsiku lokayezetsa mkodzo wa mwanayo kutauni.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, chaka chimene aphunzitsi anatopa nane. Chingerezi changa chimathera pa "yesi bwana". Ndiye ndinadalira iwe wa tayi.

Tinafika pawindo 8 koloko. Iwe unatsegula 10:40, pakamwa pali mafuta a mandasi. Kalata unaiwerenga ndi diso limodzi, linalo lili pafoni. Unati, "Apa alemba masabata atatu, madala. Mubwere akatha."

Ndinati, "Akatha, eti?"

Unandifunsa ngati ndili wogontha. Amayi onse pabenchi anaseka. Nanenso ndinaseka, chitsiru ine.

Tinadikira. Tsiku lililonse ndinkalidula ndi pensulo pakalendala ya mpingo, kuopa kufulumira. Ukumva? Kuopa KUFULUMIRA! Masabata atatuwo atakwana, unatidindira kalata ija osaiyang'ananso, ife ulendo pa minibasi.

Mayi woyeza kutauniko atawerenga anagwira kumutu. "Agogo, munali kuti? Apa alemba kuti ayezedwe masabata atatu ASANATHE chibadwire." Anati panopa ngakhale akapeze kachilomboko, sangadziwe ngati mwana anabadwa nako kapena wakatenga kunja kuno, ndipo nthawi yabwino yoyambira mankhwala yatidutsa. Esinati anangokhala pansi pasimenti, mwana ali kumsana.

Ndinabwerera kwa iwe Lachiwiri, 9:15. Unati zimachitika. Unatinso ineyo sindinafunse bwino. Kodi ndikanafunsa bwanji, mwana wanga? Ndi ng'oma? Satifiketi yakoyo unalemba wekha, kapena inagwa m'galimoto pa Msundwe iwe n'kutola?

Tsopano tikudikira tsiku lokayezetsa makutu. M'mawa uliwonse ndimagwetsa mbale yachitsulo kumbuyo kwa Tadala. Tsiku lina amadzidzimuka. Tsiku lina amangoyang'ana kudenga. Mbale zatha kupindika, Esinati waleka kundiletsa.

Akuluakulu a chipatalacho mundiyankhe: ndani anaika munthu ameneyu pawindo? Ndi ana angati abwezedwa ndi "akatha" wakeyo? Ndipo inu amayi, mukapatsidwa kalata ya mwana wakhanda musachoke adokotala asanakuuzeni tsiku ndi pakamwa pawo, m'Chichewa.

Koma iwe wa tayi, ndafufuza. Nkhalamba ilibe ntchito, miyendo yokha. Ndamva umatsogolera kwaya kumpingo wa tsidya lija la dambo. Lamulungu lino ndikubwera ndi Tadala, tikhala benchi yakutsogolo. Uimbe ndithu, ukweze mawu mpaka malata anjenjemere, ine diso lili pa mwanayo. Akatembenuka, ndikupatsa moni. Akapanda kutembenuka, nthawi ya zolengeza ndiimirira ine, ndipo dzina lako ndikulidziwa lonse, ndi la abambo ako lomwe.