Mitengo ya mango yomwe inaotcha njerwa za sukulu

Chaka chomwe bungwe lina linabwera kudzatimangira chipinda chophunziriramo kwathu ku Lirangwe, ine ndinali nditasiya sukulu, ndikulima ndi amayi. Abungwe anati abweretsa simenti ndi malata, koma njerwa tiumbe tokha. Tinaumbadi. Vuto linali nkhuni zootchera uvuni, poti kuphiri kunatsala zitsa zokhazokha, mitengo itathera makala.

Wapampando wa komiti yoyang'anira ntchitoyi anali amalume, mchimwene wawo wa amayi. Anafika m'mawa wina tikupala chinangwa.

"Achemwali, mitengo ikuluikulu yatsala ndi ya mango yanuyi basi."

"Nanga njala ikafika tizidzaphika chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndi chitukuko ichi. Odzaphunziramo ndi ana anu omwe."

Amayi anakana kawiri. Kenako azimayi anzawo anasiya kuwapatsa moni pamjigo, ati amadana ndi chitukuko. Ulendo wachitatu anangoti, "Dulani." Mitengo isanu inagwa masiku awiri. Nthambi zina ndinasenza ndine.

Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chikumasula. Pofika Novembala m'nkhokwe munalibe kanthu. Kale nthawi ngati imeneyi tinkaphika mango osapsa, kudya, kumwa madzi, tsiku n'kudutsa. Chaka chimenecho tinadya gaga ndi zitsa za nthochi. Amayi ankayenda wapansi mpaka ku Chileka kukagwira ganyu, n'kubwerako ndi kambale ka ufa. Mng'ono wanga wotsiriza anatupa miyendo, tsitsi n'kufiira. Anachira, koma sanakule ngati anzake.

Chipindacho chitatha, abungwe anabweranso, ulendo uno kudzatiphunzitsa zosamala chilengedwe. Tinakhala m'chipinda chatsopanocho. Mtsikana wina waulemu wake anatifotokozera kuipa kodula mitengo, n'kugawa mbande zitatuzitatu za bulugama pakhomo lililonse. Sindikumuda, sankadziwa chomwe chinaotcha makoma amene anayimamo. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, anawomba nawo m'manja. Mbande zathu zinadyedwa ndi chiswe mwezi usanathe.

Amalume ndi amayi sanakanganepo poyera. Ankapatsana moni kutchalitchi, basi. Amayi atadwala komaliza, amalume ankabwera tsiku lililonse, kukhala pakhonde osalowa m'nyumba. Tsiku lina ndinawauza kuti alowe. Anati ayi, akumva bwinobwino ali pomwepo.