Woyendetsa Ngolo Wochokera ku Zemba

Chaka chimene amuna anga anathyoka mwendo, mtedza unabereka kwambiri kwathu kwa Mlolo. Ife tinali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, ina yakuda, ina ya mawanga. Amuna anga anazigula atabwerako ku Halale, ndipo mbali yathu yonse ngolo inali yomweyo. Anthu akafuna kupititsa mtedza kumsika ku Chadiza ankabwera kwa ife. Sopo, mchere ndi zovala za pakhomo pathu zinkachokera m'ngolo imeneyo.

Amuna angawo anagwa padenga la nkhokwe akufolera. Kuchipatala cha mishoni anawamanga mwendo n'kuwauza kuti asaponde pansi mpaka mvula itayandikira. Anabwerako n'kumangogona pamphasa pakhonde, okwiya ndi chilichonse. Apo n'kuti anthu atayamba kuthira mtedza m'matumba. M'mawa uliwonse pankabwera wina kudzafunsa kuti ngolo iyenda liti. Ndinkangoyankha kuti posachedwa. Ine ndinali ndi khanda kumsana, ndipo ng'ombe yakudayo inkandiopseza ndi nyanga ndikangoiyandikira.

Tsiku lina masana kunafika bambo wina wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Anali wamtali, woonda, wa msinkhu wa amuna anga. Anaodira, n'kukhala pansi patali pang'ono ndi khonde, nati wachokera ku Zemba ndipo wamva kuti tikusowa woyendetsa ngolo.

Amuna anga anamufunsa kuti ng'ombe anazidziwira kuti.

"Pafamu ya fodya, kufupi ndi ku Fort Jameson," anayankha. "Ndakhalako zaka."

"Nanga munachokako bwanji?"

"Tinayambana ndi akapitawo."

Ine zinandidetsa nkhawa pomwepo. Munthu wofuna ntchito amadzikometsa, koma uyu sanayese n'komwe.

Tinamuuza kuti agone kwa mbale wake amene anali m'mudzi woyandikana nafe, abwere mawa. Asanafike ndi kutali komwe, amalume anga, amene anali mkulu wa mpingo, anatulukira ndi ndodo yawo.

"Iwe, munthu uja ndamuona," anatero kwa ine. "Ndi wa kudambwe ameneyo, wa gule. Ndiponso ndamva kuti anamenya kapitawo wake mpaka kumugulula mano. Ukufuna kuika munthu wotere pakhomo pako, mwamuna wako ali chigonere?"

Za gulezo sizinandivute kwambiri, chifukwa ena mwa achibale anga omwe anali a konko ndipo tinkadyera limodzi. Za manozo ndi zimene zinandiopsa. Amalume atapita ndinafunsa amuna anga kuti tichite bwanji.

"Ine ndili pano sindingaone mmene akugwirira ntchito," anatero mokalipa. "Mupite naye inuyo ulendo umodzi, mukaone nokha."

"Ndikaone chiyani? Ine za ngolo ndimazidziwa?"

"Maso muli nawo."

M'mawa mwake munthuyo anabwera dzuwa likungotuluka. Analowa m'khola n'kuima kaye osachita kanthu, ng'ombe zikumununkhiza. Yakuda ija inapukusa mutu kangapo, kenako inalola goli. Ndinaona kuti manja ake ntchitoyo akuidziwa. Anakweza yekha matumba a mtedza a mnansi wathu, n'kusuntha ena kuti ngolo isalemere kutsogolo. Anatenga chikoti cha amuna anga chimene chinkapachikidwa pakhonde, tinanyamuka.

Ine ndinkayenda pambuyo, mwana kumsana. Njira yonse sanandiyankhule. Ankangoyankhula ndi ng'ombe motsitsa, nthawi zina n'kuimba likhweru. Ndinkayang'ana chikoticho m'dzanja lake. Sichinakhudze ng'ombe, chinkangolira m'mwamba. Mtima unayamba kukhala pansi, ndipo ndinayamba kuganiza kuti amalume anangomva za m'maluwa.

Tinafika pamtsinje dzuwa litakwera. Madzi anali ochepa, ofika m'mawondo, koma potsikira panali potsetsereka ndipo pansi panali mchenga wofewa. Ngolo itafika pakati, tayala lakumanzere linatitimira. Ng'ombe zinakoka, osatheka. Kenako yakuda ija inagwada, mphuno n'kulowa m'madzi, goli litaipanikiza pakhosi. Ngolo inayamba kupendekeka.

Munthuyo anasintha nkhope ngati si yemwe uja. Anakuwa mawu amene sindingawalembe pano, n'kuikwapula ng'ombeyo pamsana ndi mphamvu zake zonse. Anaikwapulanso, n'kuikwapulanso. Ndinaona magazi.

"Lekani! Achimwene, lekani, muipha!" ndinakuwa.

Sanacheuke n'komwe. Mwana anayamba kulira. Ng'ombe inadzuka mwadzidzidzi, zonse ziwiri zinakoka pamodzi, ngolo n'kutuluka kutsidya. Palibe thumba limene linanyowa. Koma iye atafika pamtunda anaikwapulanso kamodzi, ng'ombe itaima kale. Kumeneko ndiye kunandiopsa kuposa kwina konse.

Anaponya chikoti pansi n'kuima akupuma mwawefuwefu. Patapita kanthawi anatunga madzi ndi chipewa chake n'kutsuka mabalawo. Sanandiyang'ane.

Kumsika zonse zinayenda bwino. Pobwerera, ngolo ili yopanda katundu, anandiuza kuti ndikwere. Ndinakana. Ndinayenda pambali pake kwa nthawi yaitali ndikulimbana ndi mtima wanga, kenako ndinafunsa.

"Achimwene, n'zoona kuti akapitawo aja munawamenya?"

"N'zoona, amayi."

"Analakwa chiyani?"

"Ananditukwana pamaso pa mkazi wanga." Anayenda pang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Mtima wanga ndi wapachala. Sindikubisirani. Ukandikwera sindimva."

Tinali awiri okha m'njira, tchire mbali zonse. Ndinamanga bwino nsalu ya mwana n'kutsalira pambuyo pang'ono.

Titafika ndinafotokozera amuna anga zonse, osasiyako. Anandifunsa ngati mphuno ya ng'ombe inalowadi m'madzi. Nditavomera, anati ikanachedwa kudzuka ikanafera pomwepo, ndipo ngakhale iwo akanaimenya. Koma ng'ombe zikudutsa kupita kukhola, anadzutsa mutu n'kuona mizere yofiira pamsana pa yakudayo. Anatembenukira kukhoma. Nditawafunsa kuti tsono timulembe kapena ayi, anati, "Mwamuona ndinu."

Masiku awiri otsatira ndinkagwira ntchito ngati wodwala. Ndikaganiza zomubweza, ndinkaona matumba a anthu ataunjikana pamakomo, mvula n'kudzawapeza. Wina woti n'kuyendetsa ngolo panalibe. Ndikaganiza zomulemba, ndinkaona dzanja lija likukwapula ng'ombe yoima kale. Ndinkadzifunsa kuti tsiku lina mwini katundu akadzamunyoza panjira zidzatha bwanji. Nanga ine ndikadzamudzudzula, amuna anga ali pamphasa?

Munthuyo atabweranso ndinamuitanira pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi khonde. Ndinamuuza zimene ndinaganiza.

"Ntchito mugwira mpaka mtedza utatha. Koma chikoti chizitsala pakhomo."

Anapukusa mutu. "Mukatero, tsiku lina ngolo idzatsala mumtsinje, ndi ng'ombe zomwe."

Ndinadziwa kuti sakunama. Choncho ndinati, "Ndiye ulendo uliwonse wowoloka mtsinje ndizipita nawo. Chikoti ndizisunga ine. Chikafunika ndidzakupatsani, ndipo ndikati bweretsani, mubweze."

Anandiyang'ana kumaso koyamba chibwerereni. Ndinaganiza kuti akwiya n'kunyamuka. Koma anangoti, "Chabwino, amayi."

Umo ndi mmene nyengo yonseyo inathera. Amalume anasiya kubwera pakhomo pathu, ndipo ku tchalitchi ankandipatsa moni ndi dzanja lokha. Amayi ena ankaseka pachitsime kuti ndasanduka kapitawo. Ine ndinkangoyenda pambuyo pa ngolo, chikoti chili m'dzanja, zidendene zitang'ambika. Munthuyo anayamba kudula nthambi n'kuziyala pamchenga tisanawoloke mtsinje, ndipo maulendo ambiri tinkadutsa bwinobwino.

Tsiku limodzi lokha tayala linatitimiranso. Anatambasula dzanja osandiyang'ana, ine n'kumupatsa. Anakwapula kawiri, ngolo inatuluka. Ndinati, "Bweretsani." Anaima chikoti chili m'mwamba, nkhope itasinthanso. Ndinabwereza. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kundipatsa. Ndinakhala pansi pamchenga, ndipo iye anadikira mpaka nditadzuka.

Mtedza utatha, amuna anga anali atayamba kuyenda ndi ndodo. Munthuyo anatsanzika kuti akukasosa munda wake, ndipo tinasiyana bwino. Sindinamuuze kuti adzabwerenso, iyenso sanafunse.

Chaka chotsatira, chimanga chitayamba kuuma, kunabwera bambo wina panjinga kuchokera ku Pembamoyo. Anali atagula ngolo yatsopano, ndipo munthu uja anali atakafunsirako ntchito. Amuna anga anamuuza kuti afunse ine. Ndinamufotokozera zonse, za manja ake odziwa ntchito, za nthambi pamchenga, za magazi pamsana pa ng'ombe ndi za akapitawo.

"Tsono amayi, ndimulembe kapena ndimusiye?" anafunsa.

"Katundu wanu sadzatayika, ndipo sadzakunamizani," ndinatero. "Koma musadzamunyoze pamaso pa anthu, ndipo pamtsinje muzikhalapo."

Bamboyo anakanda m'mutu nati iye ankafuna munthu woti azimutuma yekha, iye ali kumunda. Ndinamuuza kuti pamenepo sindingamuthandize. Anamwa thobwa, anathokoza, n'kukwera njinga yake. Patapita milungu ingapo, mlamu wanga akuchokera kumsika anandiuza kuti waona ngolo ya ku Pembamoyo itadzaza matumba, woyendetsa ali munthu uja, mwini wake akuyenda pambuyo.