Miyendo ya Sajeni

Lumo lija linali la amalume. Ankalisunga m'kachitini ka fodya, ndipo chaka chimenecho analitulutsira galu.

Galuyo dzina lake Sajeni. Ndiye ankalondera mbatata yathu ya kachewere paphiri la Zomba, anyani akamatsika m'mapaini. Tinkakwera naye m'mawa kuchokera ku Chikamveka, iye patsogolo. Koma m'nyengo yozizira imeneyo anayamba kukhwekhwereza miyendo yakumbuyo. Zikhadabo zinkakanda msewu mpaka kutuluka magazi.

Amalume anati waponda mankhwala amene wina anatchera panjira. Anamutema mphini m'ntchafu zonse, n'kupakamo phulusa lakuda. Ine ndinagwira mutu. Galu sanalire n'komwe. "Mwaona? Agwira amenewa," anatero amalume. Lero ndikuti kusalirako ndiko kunayenera kutiopsa.

Anyani sanachedwe kuzindikira. Ankafukula mizere iye akuuwa ali chikhalire.

"Sindidyetsa mlonda wongoonerera," anatero amayi. Analola kuti akhale mpaka tikumbe mbatata. Akapanda kuchira, basi.

Aphunzitsi athu anatipeza panjira nditamukoleka chiguduli kumimba, ndikumuthandiza kukwera. Anamusisita pamsana nati miyendo ilibe mlandu. Mumsana muli mitsempha yonyamula uthenga kuchokera kumutu, ndipo galu akakalamba imafota pang'onopang'ono, uthenga osafika. Amalume anaseka. "Aphunzitsi, inu phunzitsani ana. Agalu tisiyireni." Anatemanso mphini zina.

Ine sindinakhulupirire aliyense wa iwo. Ndinkati galu waiwala kuyenda, ndimukumbutsa. Ndinamukweza phiri lija m'chifunga, manja atauma ndi chisanu, chiguduli chikununkha mkodzo wake. Sindinadandaule. Kwathu sitinkadandaula.

Tinakumba mbatata. Inali yochepa. M'mawa mwake amalume anatenga khasu ndi chingwe. Ndinawapempha kuti ndimuitane kaye Sajeni, aone okha. Ndinaima patali n'kuimba mluzu. Makutu anadzuka. Miyendo yakutsogolo inapalasa dothi, chifuwa chinanyamuka, kumbuyo kunatsala pansi. Amalume anamunyamula paphewa n'kulowa naye m'mapaini.

Tsopano phazi langa lamanzere limachedwa pakhomo la minibasi, kondakitala akukuwa kuti "Agogo, changu!" Koma tsiku lija ndinabwerera kunyumba nditakwiya, ndikuti Sajeni wandichititsa manyazi pamaso pa amalume. Ndinali mwana. Sindinkadziwa kuti ukhoza kumva kuitana, kufuna ndi mtima wonse, mwendo osadzuka.